Kugawa mowa pa phwando: zoyenera kuchita kuti aliyense akafike kwawo ali bwino

Pa misonkhano ya komiti ya ukwati, ya chinkhoswe kapena ya phwando lotolera ndalama, nkhani ya mowa imakonda kubwera kumapeto anthu atatopa kale, ndipo imathera pa funso limodzi: tigule makireti angati? Za amene adzagawe mowawo, nthawi yoyambira ndi yotsekera, komanso mmene alendo adzabwerere kwawo, sizikambidwa n'komwe. Tsikulo likafika, makireti amangosiyidwa m'manja mwa mnyamata wina wa pabanjapo amene nayenso akumwa, ndipo alibe pakamwa poyankhira amalume ake akabwera kudzatenga botolo lachisanu ndi chitatu.

Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo wa zakumwa. Sindikunena kuti mowa usapezeke, ayi. Anthu akuluakulu amene amamwa adzamwa ndithu. Chimene ndikunena n'chakuti wobweretsa mowa pagulu ndiye mwini zonse zimene mowawo udzachite, kuyambira pa botolo loyamba mpaka mlendo womaliza atalowa m'nyumba mwake. Ndipo zambiri zimene zimateteza anthu sizichitikira pa phwandopo, zimakonzedwa masiku angapo lisanafike.

1. Mangani mfundo mu komiti, ndipo muzilembe

Musanagule kanthu, eni mwambo agwirizane zinthu izi: mowa udzakhala waulere kapena wogulitsa, mitundu yake ndi iti, udzayamba nthawi yanji ndi kutsekedwa nthawi yanji, ndipo munthu mmodzi amene mawu ake adzakhale omaliza pa za mowa ndi ndani. Mlembi alembe mfundozi. Ngati ndi ukwati, ankhoswe a mbali zonse ziwiri azimve ndi kuvomereza, chifukwa tsikulo wogawa akadzakaniza munthu, adzafunika kunena kuti "ndi mmene komiti inagwirizanira", ndipo mawuwo adzakhale oona.

Ngati mowa udzagulitsidwe, ngakhale kwa tsiku limodzi lokha, lamulo la mowa la Liquor Act limafuna kuti pakhale chilolezo, ndipo nkhani ya zilolezo imayendetsedwa ndi makhonsolo. Pitani ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu nthawi ikadalipo mukafotokoze mtundu wa mwambo wanu. Ngati mwachita lendi holo, loji kapena munda wa maphwando umene uli ndi bala yakeyake, funsani eni malowo ngati amalola mowa wochokera kunja komanso nthawi imene chilolezo chawo chimawalola kutseka. Mwambo ukakhala wa pabwalo, adziwitseni amfumu, apolisi a pafupi ndi achitetezo a m'dera, ndipo mutenge nambala za foni zimene mwaziyesa nokha kuti zikugwira.

2. Gulani mowa wodziwika kumene wachokera

Apa musanyengerere. Gulani kwa ogulitsa odziwika, mowa wa m'mabotolo kapena m'mapaketi otseka bwino, wokhala ndi dzina la kampani, mphamvu yake yolembedwa, ndipo ngati ndi wopangidwa konkuno, chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS. Botolo la mowa waukali limene chitsekerero chake chikuoneka kuti chinatsegulidwapo, libwezeni.

Mowa waukali wa m'zigubu wopanda dzina usalowe, ngakhale utatchipa bwanji, ngakhale wabwera ngati mphatso. Ambiri tikukumbukira zimene zinachitika ku Blantyre mu 2024, pamene anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene unkatchedwa Ambuye Mtengeni. Choopsa cha mowa wosadziwika n'chakuti ungathe kukhala ndi methanol, mankhwala amene sasiyana maonekedwe ndi mowa wamba koma amachititsa khungu ndi kupha. Ndi lilime kapena mphuno simungawazindikire. Kachasu nayenso, ngakhale wotchezedwa ndi munthu amene mumamukhulupirira, mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, ndipo chinthu chimene simukudziwa mphamvu yake simungachigawe ndi muyeso. Masacheti boma linaletsa kale, koma timabotolo tating'ono totchipa timene tinalowa m'malo mwake timabisika mosavuta m'thumba la jekete, choncho a pakhomo akhale maso.

Masese ndi Chibuku ali ndi malo ake, makamaka pa miyambo ya kumudzi. Mungodziwa kuti mowa wa mtundu umenewu umapitiriza kuwira ngakhale uli m'paketi kapena mu mbiya, ndiye wa dzana umaluma kuposa wa lero.

3. Dziwani masamu a mowa

Ili ndi gawo limene ambiri sitinaphunzitsidwe, pamene ndi limene limafotokoza chifukwa chake anthu ena amagwa dzuwa lisanalowe.

Botolo la mamililita 330 la mowa wa mphamvu ya 5%, monga mowa wambiri wa m'mabotolo umene timagula, lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Toti imodzi ya mamililita 25 ya jini, brande kapena vodika wa 40% ili ndi magalamu pafupifupi 8. Matoti awiri ndiye kuti mwadutsa kale botolo limodzi. Tsono taonani zimene zimachitika pa tebulo pakaikidwa botolo la Malawi Gin kuti aliyense azidzithirira: munthu amathira mpaka theka la tambula, mamililita 100 kapena kuposa, n'kuwonjezera Sobo kapena Coca-Cola pamwamba. Tambula imodziyo ikufanana ndi mabotolo awiri ndi theka, ndipo chifukwa ikutsekemera amaimaliza m'mphindi 10. Botolo lonse la mamililita 750 la mowa waukali lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo pafupifupi 18, pang'ono kukwana kireti yathunthu. Anthu atatu akamaliza botolo limeneli m'maola awiri, aliyense wamwa ngati mabotolo 6.

Wayini naye amanyenga. Galasi ya mamililita 150 ya wayini wa 12% ikufanana ndi botolo limodzi la mowa. Ma cider otsekemera amene achinyamata ndi amayi ambiri amakonda ali ndi mphamvu yofanana ndi mowa wa m'mabotolo, ena kuposa.

Mbali inayo ndi ya thupi. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa mowa pafupifupi magalamu 7 mpaka 10 pa ola, kutanthauza kuti botolo limodzi limatenga ola ndi kanthu kuti lithe m'magazi. Chili ngati chigayo cha pamudzi: mungabweretse matumba 10 nthawi imodzi, icho chigaya limodzilimodzi, enawo adikire pamzere. Mzere umenewo uli m'magazi ndi mu ubongo. Khofi, tiyi wa mandimu, kusamba madzi ozizira, kuvina mpaka thukuta, zonsezi sizifulumizitsa chiwindi ngakhale pang'ono. Zimangopangitsa munthu woledzera kuoneka ngati wadzuka. Komanso mowa umene munthu wangomeza umatenga mphindi 30 kufikira ola, mwinanso kuposa, kuti ufike pachimake m'magazi. N'chifukwa chake wogawa wabwino saona mmene munthu alili panopa pokha, amaganiza za mmene adzakhalire ola likubweralo.

Masamu amenewa akuthandizeni pogula. Tiyerekeze kuti mwaitana anthu 200. Chotsani ana, amayi oyembekezera, a mipingo yosamwa, Asilamu, madalaivala ndi ena amene samwa. Mwina otsala ndi 80. Ngati mowa udzagawidwe kwa maola anayi, mabotolo atatu pa munthu ndi okwana: mabotolo 240, omwe ndi makireti 12 a mabotolo 20. Ndalama zotsalazo gulani madzi, zoziziritsa kukhosi ndi nyama. Mowa wochuluka kuposa pamenepo suwonjezera chisangalalo, umangowonjezera anthu ofunika kunyamulidwa.

Ine ndimaona kuti pa mwambo wa anthu ambiri ndi bwino mowa waukali usaikidwe pa matebulo. Ngati komiti yaumirira kuti ukhalepo, ukhale ku bala, ndipo uziperekedwa ndi kachoyezera ka toti, imodziimodzi.

4. Sankhani ogawa, ndipo muwapatse mphamvu

Ogawa akhale anthu akuluakulu, opitirira zaka 18, odekha, ndipo asalawe mowa kufikira ntchito itatha. Izi munene poyera powasankha. Munthu amene wamwa mabotolo awiri sangaone bwino kuti mnzake wafika pati.

Musaike mwana wa pakhomo kapena msungwana wamng'ono kuti azizungulira ndi thireyi ya mowa pakati pa azibambo. Choyamba sangathe kukaniza akuluakulu ake, chachiwiri mukumuika pa chiopsezo cha kugwiridwagwiridwa ndi kunenedwa zolaula. Nthawi zambiri zimayenda bwino wogawa akakhala wosakhala wa banjalo, chifukwa sadzakumana ndi azakhali okwiya mawa lake. Ngati mwalemba ntchito anthu a bala, musawalipire potengera kuchuluka kwa mowa umene agulitsa.

Kutatsala tsiku limodzi, khalani nawo pansi kwa theka la ola pamodzi ndi a pakhomo, MC ndi DJ. Aliyense adziwe mfundo za komiti, adziwe mkulu wa zakumwa, ndipo amve kuchokera pakamwa pa wapampando kuti wogawa akakaniza munthu, komiti ili kumbuyo kwake. Chimene chimaononga dongosolo lonse ndi membala wa komiti amene amabwera n'kunena kuti, "Apatseni awa, ndi abwana anga." Zikachitika kamodzi, wogawayo sadzakanizanso munthu.

5. Konzani malo, nthawi, chakudya ndi madzi

Mowa uzitulukira malo amodzi, owala bwino, kutali ndi kumene kwakhala ana ndiponso kutali ndi koimika galimoto. Makireti otsala akhale m'chipinda chokhoma, kiyi kwa munthu mmodzi. Ngati mowa ndi waulere, perekani makuponi pakhomo, awiri kapena atatu kwa wamkulu aliyense, ndipo wogawa azitsegula yekha botolo lililonse popereka kuti anthu asaunjike mabotolo pansi pa mpando kapena m'chikwama. Munthu mmodzi asatenge opitirira awiri pa ulendo umodzi. Ngati ndi wogulitsa, pewani zotsatsa za mtundu wa "gulani atatu lachinayi ndi laulere", ndiponso musalole DJ kapena MC kuyambitsa mpikisano wa kumwa mofulumira.

Mowa usayambe anthu asanadye. Pa maukwati athu ambiri amachoka kunyumba m'mamawa, n'kukhala ku tchalitchi, kenako ku zithunzi, n'kufika ku holo m'mimba muli pululu. Mowa wogwera m'mimba yopanda kanthu umalowa m'magazi mofulumira kwambiri. Choncho chakudya chitsogole: mpunga, nsima, nkhuku, nyemba, chilichonse chokhalitsa m'mimba. Mwambo ukakhala wautali, pakhale chiwaya kapena kanyenya pafupi ndi bala mpaka kumapeto. Tchipisi ndi mtedza wa mchere wambiri zimawonjezera ludzu, ndiye zikakhalapo madzi akhale pambali pake.

Madzi akumwa akhale aulere, ozizira, ndi oonekera, osati oti munthu achite kupempha. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, imenenso maphwando amachuluka, anthu ambiri amamwa mowa wozizira chifukwa cha ludzu chabe. Apatseni madzi poyamba. Zakumwa zina monga thobwa, maheu, Sobo ndi juwisi zikhale zochuluka ndi zozizira mofanana ndi mowa, kuti wosamwa asaoneke ngati mlendo wachiwiri. Zakumwa zopatsa mphamvu zija musazisakanize ndi mowa waukali ku bala kwanu, chifukwa zimabisa kuledzera, munthu n'kumangomwabe akudziona ngati ali bwino.

Ngati ndi zoimbaimba kapena mpira, kumene anthu amadzaza ndi kukankhana, thirani mowa m'makapu a pulasitiki, mabotolo atsale ku bala. Botolo losweka ndi chida. Ganizirani za magetsi: ESCOM ikathimitsa, jenereta kapena nyali za sola ziunikire bala, njira ya ku zimbudzi ndi koimika galimoto, chifukwa zoipa zambiri zimachitikira m'malo a mdimawo.

6. Ana

Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ngakhale pa phwando la pabanja musamupatse. Amene akuoneka wamng'ono aonetse chiphaso cha unzika. Koma chenjerani: chiphaso chimenechi chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndiye kukhala nacho si umboni woti munthu wakwana 18. Werengani tsiku lobadwa, ndipo muyang'ane chithunzi. Wopanda chiphaso amene mukumukayikira, mupatseni Fanta.

Chizolowezi chotuma mwana kuti "kanditengere Green kwa uyo" chithere pa bala yanu. Yankho likhale limodzi kwa onse: "Kawauze adadi abwere okha." Ikaninso munthu woti azitolera mabotolo ndi makapu otsalira mowa pa matebulo, chifukwa ana ambiri amalawira pamenepo akuluakulu ali ku perekaniperekani.

7. Kuona zizindikiro ndi kukaniza munthu mwaulemu

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo ndi pamene ambiri timalephera, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sakanizidwa ndipo mlendo samanidwa.

Kuledzera kumabwera ndi masitepe ake. Poyamba munthu amayamba kulankhula mokweza, kuseka kwambiri, kukumbatira anthu amene sakuwadziwa, kugulira aliyense. Apa mpamene muyenera kuchepetsa liwiro: chedwani kumupatsa lina, muikireni madzi ndi nyama patsogolo, mucheze naye pang'ono. Kenako mawu amayamba kukokeka, amabwereza nkhani imodzimodzi, maso amafiira ndi kulemera, akutaya mowa, akulephera kuwerenga ndalama kapena kulemba nambala ya chinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Akafika apa, mowa watha kwa iyeyo. Musadikire kuti ayambe kudzandira, kugwa kapena kutukwana, chifukwa pamenepo mwachedwa kale, ndipo mowa umene uli m'mimba mwake sunathe kulowa.

Kumbukirani kuti anthu sasenza mofanana. Munthu wochepa thupi amaledzera msanga kuposa wamkulu thupi, ndipo mayi amene wamwa mofanana ndi bambo wa msinkhu wake amakhala ndi mowa wochuluka m'magazi. Ena anafika atamwa kale kwina, choncho musadalire kuwerenga mabotolo amene mwawapatsa inu okha. Ndipo pali ena amene amaoneka olimba, akuyenda mowongoka, koma atakhala pa chiwongolero sangaone njinga usiku.

Pokaniza, chofunika kwambiri n'kusamuchititsa munthu manyazi. Ndewu zambiri za pa mowa zimayamba pamene munthu waona kuti wanyozeka pamaso pa anzake. Musakuwe, musaloze chala, ndipo musatchule mawu oti "mwaledzera". Sendererani pafupi, tsitsani mawu, mutchuleni mwaulemu wake, ndipo vutolo muliike pa mfundo za mwambo osati pa iye.

Kwa wamkulu munganene kuti: "Amalume, pepani, komiti inandiuza kuti ndiziyamba ndapereka chakudya ndi madzi. Ndakusungirani nyama yabwino, khalani apa ndikubweretsereni." Kwa mnzanu wa msinkhu umodzi: "Achimwene, tapumulani kaye pang'ono, imwani madzi awa. Ndikufuna mawa tidzaonane muli bwino." Kwa mayi: "Amayi, ndikupatseni juwisi wozizira kaye, ndipo ndani amene mwabwera naye kuti ndimudziwitse muli kuno?" Akaumirira, bwerezani zomwezo modekha osawonjezera mtsutso: "Pepani bambo, panopa sinditha kukupatsani lina." Musanamize munthu kuti mowa watha pamene akuona ena akulandira, ndipo mukakana musasinthe. Mukagonja kwa amene wakuwa kwambiri, mwaphunzitsa onse kuti kukuwa kumagwira ntchito.

Mukatero dziwitsani ogawa anzanu kuti asakalandire kwina, ndipo yang'anirani anzake amene angamutengere. Zikavuta, itanani mkulu wa zakumwa. Pa miyambo ya pabanja, munthu woledzera amamvera msanga nkhoswe, mkulu wa mpingo kapena mnzake wa msinkhu wake kuposa mlonda. Alonda ndi apolisi abwere pamene pali chiopsezo cha ndewu, ndipo ngakhale pamenepo cholinga n'kumutengera pambali, osati kumuponya kunja kwa geti usiku ali yekha. Munthu woledzera amene wathamangitsidwa yekha ndi amene amagundidwa ndi galimoto, kuberedwa, kapena kukagwera mu ngalande.

Pali anthu ena oti simungawakakamize, koma mawu achikondi amathandiza mukawadziwa. Kwa mayi woyembekezera palibe muyeso wa mowa umene uli wotetezeka kwa mwana. Amene akumwa mankhwala a TB, a khunyu, a shuga, ogonetsa, kapena Flagyl, mowa ungawapweteke kwambiri. Simuyenera kufunsa anthu matenda awo pa bala. MC angonena kamodzi mwaulemu kuti amene ali pa mankhwala zakumwa zina zilipo zambiri. Ndipo munthu akati "ine sindimwa", nkhani ithere pomwepo. Mwina akulimbana ndi kusiya, ndipo botolo limodzi lomukakamiza lingamubwezere kumene anachoka movutikira.

Samalaninso za atsikana ndi amayi. Chakumwa chilichonse chitsegulidwe pamaso pa mwini wake. Mukaona mtsikana amene waledzera mwadzidzidzi mosagwirizana ndi zimene wamwa, kapena mwamuna akumukokera kunja iye ali wosadziwa kanthu, lowererani. Funsani mtsikanayo dzina la munthuyo, itanani anzake amene anabwera nawo, ndipo asatuluke mpaka mutatsimikiza.

8. Munthu akagwa

Mawu akuti "musiyeni agone, udzamuthera" apha anthu. Mowa wochuluka umafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, ndipo munthu wogona chagada angathe kutsamwa ndi masanzi ake osadzuka n'komwe.

Muitaneni mokweza ndi kumugwedeza paphewa. Ngati akuyankha, mukhazikeni pansi kapena mugonekeni chammbali, mufunditseni, ndipo munthu wosamwa akhale naye osachoka. Pomugoneka chammbali, pindani bondo la mwendo wa pamwamba kuti asagubuduke, dzanja lake liikeni pansi pa tsaya, mutu upendekere kumbuyo pang'ono, pakamwa paloze pansi kuti masanzi azituluka. Musamusanzitse dala, musamuthire madzi ozizira, musamuyendetse mokakamiza, ndipo musamumwetse kanthu ngati sakutha kumeza yekha.

Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngati sakudzuka, akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi kapena akumaima kupuma kwa masekondi 10, akusanza ali chikomokere, akugwedezeka ngati wakhunyu, thupi lazizira, kapena milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu. Chimodzimodzi ngati anagwa n'kumenyetsa mutu, chifukwa kuvulala kwa m'mutu kumabisala m'kuledzera. Munthu wa shuga amene shuga wake watsika amaonekanso ngati woledzera, choncho funsani achibale. M'galimoto agonebe chammbali, wina atamugwira. Uzani adokotala chimene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi, ndipo botololo mupite nalo. Musachite manyazi kapena kuopa kuti mwambo uipa mbiri.

N'chifukwa chake pa mwambo uliwonse payenera kukhala galimoto imodzi yokhala ndi mafuta, yoimikidwa poti sitsekeredwa, ndi dalaivala amene sanamwe. Dziwiranitu chipatala cha pafupi chimene chimatsegula usiku. Ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu kuli zipatala zazikulu, koma kumudzi chipatala chaching'ono chingakhale chotseka, ndiye mufunika kudziwa mtunda wokafika ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu.

9. Ulendo wobwerera kunyumba

Lamulo la pamsewu kuno limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi, koma maso ndi manja zimayamba kuchedwa munthu asanafike pamenepo, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa malire a 0.05. Pa misewu yathu usiku, pomwe pali oyenda pansi, njinga zopanda nyali ndi ngolo, mfundo yosavuta kutsata ndi yakuti woyendetsa asamwe.

Nenani zimenezi pa khadi loitanira kapena pa gulu la WhatsApp la mwambo, kuti banja lililonse lisankhiretu woyendetsa. Pakhomo, madalaivala apatsidwe makuponi a zoziziritsa kukhosi m'malo mwa a mowa. Ngati mwachita hayala minibasi kapena lole, dalaivala ndi kondakitala adye bwino ndipo wina aziwaona, chifukwa amadikira maola ambiri ndipo anthu okoma mtima amawapititsira botolo. Gwirizanani ndi a takisi odziwika kuti adzakhale pageti nthawi yotseka. Munthu woledzera kwambiri musamukweze pa kabaza, angathe kugwa panjira. Ndipo wa kabaza amene wakhala akumwa pageti musamupatse mlendo wanu.

Ikani anthu awiri osamwa koimika galimoto. Woledzera akatulutsa kiyi, mmodzi amuchedwetse ndi nkhani, wina akaitane mkazi wake, mbale wake kapena mkulu wa zakumwa. "Bwana, galimotoyi igona pano, alonda alipo. Achimwene anu akusiyani kunyumba, mawa mudzaitenga." Akakanitsitsa n'kulowa m'galimoto, ana ndi ena asakwere, ndipo imbirani apolisi. Adzakwiya, mwina kwa mwezi wathunthu, koma adzakhala ali moyo, pamodzi ndi amene akanakumana naye pamsewu.

Kumudzi kumene anthu amabwerera wapansi, ayende m'magulu ndi tochi, makamaka ngati njira ikudutsa pa mlatho, pa mtsinje kapena m'mphepete mwa msewu waukulu monga M1. Ofooka agone pomwepo. Konzeranitu chipinda kapena mphasa zingapo, amayi kwaokha, ndi munthu wowayang'anira.

10. Kutseka

Bala itsekedwe ola limodzi nyimbo zisanathe, ndipo MC alengeze nthawiyo kumayambiriro kwa mwambo kuti isadzadzidzimutse anthu. Pewani kulengeza kuti "womaliza, thamangani", chifukwa anthu amatenga awiriawiri n'kumeza mothamanga kenako n'kulowa pamsewu mowa ukukwera. M'ola lomalizalo tulutsani madzi, tiyi ndi chakudya chotsala, DJ atsitse nyimbo pang'onopang'ono, ndipo magetsi onse ayatsidwe. Tiyiyo sachotsa mowa, koma amasunga anthu pampando pamene chiwindi chikugwira ntchito.

Mowa wotsala ukhomeredwe, usagawidwe kwa anthu a pageti kapena kwa achinyamata othandiza kusonkhanitsa mipando. Musanachoke, anthu awiri azungulire ndi tochi m'zimbudzi, kuseri kwa holo, m'maluwa ndi m'galimoto zimene zatsala, kuona ngati pali wina wagona. Lembani zimene zachitika: amene anakanizidwa, amene anavulala, amene anaperekezedwa ndi nthawi yake.

M'mawa mwake imbirani onse amene anaperekezedwa ali ofooka. Ngati wina akudandaula kuti sakuona bwino, m'mimba mukupweteka kwambiri, akusanza kapena akupuma mothamanga, musati ndi matsire. Zizindikiro za methanol zimatha kuchedwa maola 12 mpaka 24. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mufufuze mwachangu ena onse amene anamwa nawo botolo limenelo.